Kalembo kamodzi kananditsekera panja

Kontena yanga ya Podman (kabokosi kotsekeramo pulogalamu pa Linux) inkafuna makiyi a SSH, njira yolowera m'kompyuta uli kutali, kuti ikoke kodi ku seva ina. Ndinalumikiza foda ndi -v, kontena n'kungoyankha kuti Permission denied. Chifukwa ndinkachidziwa: SELinux, mlonda wa chitetezo wa mu Linux, imamata chizindikiro pa fayilo iliyonse, ndipo pulogalamu ya m'kontena, yomwe imayenda ngati container_t, imaloledwa kwenikweni mafayilo a container_file_t. Mankhwalanso ndinkawadziwa, kuwonjezera :Z kumapeto kwa -v uja, kuti Podman asinthe zizindikirozo.

Poyamba ndinayika /home yonse. Podman anakana, akuti kusintha zizindikiro pamenepo sikuloledwa. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinati makinawa ayamba matama, ndiwazembera. Ndinalowetsa ~/.ssh yokha, foda ya makiyi anga, ndi :Z yomweyo. Zinatheka bwinobwino, ndinagona ngati katswiri.

Kutacha, nditafuna kulowa m'makinawo, ssh inandikana. Ndinayesa katatu, ngati kuti makina amasintha maganizo. Kulowa ndi pasiwedi ndinali nditatseka ndekha kalekale, ndi manja anga omwewa, ndikudzitama kuti ndine wosamala.

Chimene ndinaiwala n'chakuti :Z siyibwereka foda. Imasintha zizindikiro pa disiki yeniyeni, mpaka kafayilo kotsiriza ka m'kati, ndipo kontena ikafa zizindikirozo zimatsala. Z wamkuluyo amawonjezeranso manambala awiri pa chizindikirocho, kuti kontena imodzi yokhayo ndiyo igwire. Kontenayo ndinali nditaifufuta usiku womwewo. Makiyi anga anali atasanduka cholowa cha malemu.

Nditalowa pa konsolo, ndinataya ola lathunthu pa chmod, lamulo losintha zilolezo za mafayilo. Foda 700, authorized_keys 600, zonse zili m'malo mwake. Ndi ls -Z, yoonetsa zizindikiro, yomwe inandiulula: pamene panayenera kukhala ssh_home_t panali container_file_t. Kenako ausearch -m avc, yoonetsa zimene SELinux yakana, inandionetsa sshd, pulogalamu yolandira olowa ndi SSH, akugogoda pa fayilo yake yomwe, akubwezedwa ngati mlendo.

Ndinathamangira restorecon -Rv ~/.ssh, lamulo lobwezeretsa zizindikiro zoyenera. Sinasinthe kanthu, inangondiuza mwaulemu kuti siyikhudza chifukwa admin anakonza dala choncho. Ndinakwiya, n'kufunsa mokweza kuti admin wopusayo ndani. M'chipindamo ndinali ndekha.

Nkhani yake n'njakuti container_file_t ili pa mndandanda wa mitundu imene restorecon imaisiya, pokhapokha uikakamize ndi -F. Ndinalemba restorecon -RFv ~/.ssh, mizere inatsika, chitseko chinatseguka. Ikanakhala foda ya dongosolo ya mu /usr kapena /etc, bwenzi ndikupanga fayilo ya /.autorelabel yokhala ndi -F m'kati n'kuyatsanso makina, kudikira disiki yonse imatidwenso.

Pano kiyi yofunikayo ndimaikopera mu foda yakeyake, :Z n'kukagwera kumeneko. Foda ya dongosolo ikafunikadi m'kontena, ndimayika --security-opt label=disable, zizindikiro za pa disiki osazikhudza, ngakhale kontenayo imatsala yopanda mpanda wa SELinux. Mnzanga wa kuntchito atafunsa chomwe chinagwetsa SSH m'mawa umenewo, ndinamuuza zoona zokhazokha, kuti anali admin.