Ndinangobwereka, sindinabe

Popeza chithunzi chija chazungulira kale pa WhatsApp, ndipo ena mwa inu mwayamba kundipatsa moni woti "Bwana Chitini", lekani ndifotokoze ndekha nkhaniyi isanamere nyanga. Inde, amene ali pachithunzipo ndine. Inde, chimene chili ku chala changa chamkombaphala ndi banki ya ana anga. Koma mayi akunyumba anajambula mapeto okha, chiyambi anachisiya dala.

Nzeru ya chitinicho inali yanga, ndipo apa pokha mundiyamikeko. Ndine ndinachitsuka, ndine ndinaboola kampata pamwamba ndi mpeni, ndine ndinamata chivindikiro ndi guluu wolimba uja, uku ndikuwauza ana kuti tikuteteza chuma kwa akuba. Ndinawakhazika pansi, wamkazi wa zaka 7 ndi kamlongo kake ka zaka 4, n'kuwalalikira mpaka kamnyamatako kanayamba kuwodzera. Ndinawauza za Walter Mischel wa ku Stanford University ku America, amene chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ankaika switi patsogolo pa mwana n'kumuuza kuti akapirira osadya kwa mphindi pafupifupi 15 alandira masiwiti awiri. Ndinati, "Ana anga, munthu ndi amene amadziwa kudikira." Mawu amenewa ndinawanena ine, ndi pakamwa pangapa, mayi awo akumva.

Kuti zikome, ndinalonjezanso chiwongoladzanja: Loweruka lililonse, pa makobidi 10 alionse amene ali m'chitini, ine ndiziponyamo limodzi. Mtsikanayo anapeza kope lakale n'kuyamba kulemba kamzere pa khobidi lililonse lolowa. Ndinamuyamikira kwambiri. Ndikanadziwa, kopelo ndikanaliyatsira moto tsiku lomwelo.

Tsopano amwene, nonse mukudziwa mmene kondakitala amakuyang'anira m'mawa ukamupatsa ndalama yaikulu yapepala. Ndalama ndinali nazo, chenje ndiye ndinalibe. Chenje chonse cha m'nyumba mwanga chinali chitathera m'chitini, chifukwa ana aja anasanduka apolisi a makobidi: pansi pa mpando, m'thumba la buluku lopita kochapa, pa shelefu, paliponse akangomva kulira kwa chitsulo afika kale. Ndiye tsiku lina mbandakucha ndinabwereka 6. Ndikubwereza, ndinabwereka. Njira yake ndi yosavuta: ulowetsa mpeni wopyapyala pa kampata, upendeketsa chitini, makobidi amatsetsereka okha pa mpenipo ngati ana pa katsetsereko. Vuto linali lakuti mtsikana uja usiku uliwonse asanagone amachigwedeza chitinicho pafupi ndi khutu kuti amve kulemera kwake. Choncho pa khobidi lililonse lotuluka ndinkaponyamo washala mmodzi wa m'bokosi langa la zida. Mmodzi kwa mmodzi. Wakuba weniweni sasiya risiti.

Zinayenda bwino milungu ingapo. Tsiku la chithunzilo mpeni uja sunapezeke. Ndinafufuza mumdima, zii. Ndinakumbukira kuti makobidi ambiri masiku ano ndi chitsulo wamba chongokutidwa kunja, ndiye amakakamira ku maginito. Ndinatenga kamaginito ka sipika ya wailesi yakufa, n'kukamanga ku ulusi. Chimene sindinaganize n'chakuti chitininso ndi chitsulo. Kamaginito kanangoti kwa! pa chivindikiro, osafuna n'komwe kuona kampata. Apa munthu wanzeru akanabwerera kukagona. Ine ndinakulitsa kampata pang'ono ndi kiyi wa pakhomo, n'kupisamo chala.

Chinalowa bwinobwino, mwaulemu, ngati chikudziwa kwawo. Kutuluka ndiye ayi. Poboola paja ndinaboolera kuchokera pamwamba, ndiye milomo ya chitsulo inapindikira m'kati, ndipo inali itasanduka mono wa nsomba: khomo lolowera lilipo, lotulukira kulibe. Ndikakoka, chimaluma. Ndikapotoza, chimaluma kwina.

Taganizani. Nthawi ili 4 koloko ndi theka m'mawa. Bambo wa ana awiri, munthu wa ndevu zake, wovala kabudula wogonera yekha, wayima pakati pa chipinda chochezera, mkono wautambasula kutsogolo ngati akulumbira m'khoti, kumapeto kwake kukulendewera chitini. Ndikapuma, chimati wekeche. Ndikameza malovu, wekeche. Mtima ukagunda, ndikulumbira, wekeche. Sindinadziwepo kuti makobidi ali ndi pakamwa chonchi. Masana ana akamachigwedeza chimalira ngati kanthu kosewerera, koma usiku umenewo chinkalira ngati belu loitanira mudzi wonse kumaliro anga. Ndinaganiza zopita kubafa kukafuna sopo, mapazi 8 okha, ndipo ndinayamba ulendowo chitini nditachifungata pachifuwa ngati khanda limene langogona kumene, phazi limodzi, kupuma, phazi lina, kupuma. Galu wa oyandikana nawo anayamba kuuwa. Ndinamupempherera zoipa.

Ndipo nthawi yonseyi nsonga ya chala inali itagunda khobidi limodzi m'katimo. Ndinkamva timizere ta m'mphepete mwake. Mukudziwa chimene anaikira timizere timeneti? Kale ndalama zikadali za siliva, anthu ankazimeta m'mphepete pang'onopang'ono n'kusunga zometazo, ndiye timizere tinkaulula ndalama yometedwa. Isaac Newton ataikidwa kuyang'anira nyumba yosulira ndalama ku London mu 1696 ankasaka anthu a khalidwe limeneli. Zimenezinso ndinali nditawaphunzitsa ana anga, monyadira. Tsopano ndinayima mumdima ndikusisita timizere tomwe tija, ndikudziwa kuti Newton akanakhala moyo, ine ndikanakhala pa mndandanda wake.

Getsi linangoti ngwee.

Mtsikana wanga ali pakhomo, maso atatupa ndi tulo, koma kope lili m'manja. Mpaka lero sindikumvetsa kuti mwana amagona bwanji ndi kope.

"Adadi, mukutani ku banki?"

"Ndikuyesa chitetezo, mwanangu. Ndimafuna ndione ngati wakuba angathe kuba."

Anayang'ana chala, anayang'ana ine. "Ndiye wagwidwa?"

"Wagwidwa. Chitetezo chili bwino. Kagone."

Sanagone. Anapita kukadzutsa mayi ake. Mayi akunyumba anafika, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku kabudula, osanena kanthu, n'kubwerera kuchipinda. Ndinati mumtima, mkazi wabwino, wapita kukatenga sopo. Anabwera ndi foni.

Sopo anadzabwera pambuyo pake, koma analephera, chifukwa chala chinali chitatupa ngati chikufuna kukhazikika momwemo. Mapeto ake tinagwirizana zotsegula chitini chakumatako ndi chotsegulira zitini, kuti tikankhe milomo ija kuchokera m'kati. Ine ndinatsutsa ganizo limeneli mwamphamvu, ndinatchula za ufulu wa ana, ndinati banki siyitsegulidwa nthawi yake isanakwane. Palibe anandimvera. Matako a chitini atachoka, chuma chonse chinakhuthukira pa tebulo, ndipo pakati pa makobidi panali mawashala anga, akungoti waliwali, aliyense ndi bowo lake pakati ngati diso londiyang'ana.

Kamnyamata kaja kanali katadzukanso. Kanatola washala mmodzi, kanasuzumira pa bowo, milomo n'kuyamba kunjenjemera.

"Amami, ndalama zathu zadyedwa ndi anankafumbwe."

Apa ndinaona mpata. Ndinati ayi mwanangu, usalire, kuli mayiko kumene ndalama zenizeni zimakhala ndi bowo pakati. Ku Japan khobidi la 5 yen ndi la 50 yen ndi lobooka. Ku Denmark nakonso alipo obooka. Ndipo zimenezi n'zoona, kafufuzeni. Mayi akunyumba anadikira ndimalize, akupukuta chala changa ndi kansalu, kenaka anafunsa mofatsa kwambiri: "Bambo ake, ku Japan munapita liti?"

Mtsikana sanaseke n'komwe. Anali atayamba kale kuunjika makobidi m'milu ya khumikhumi, akuyerekeza ndi timizere ta m'kope. Anasowa 40. Mawashala anapezeka 38, ndi mabatani awiri a jekete, a tsiku lina limene mawashala anandithera. Ndikufuna muone kuti masamu anagwirizana ndendende. Banki zina zikuluzikulu sizifika pamenepo.

Kenaka anati, "Adadi, munati ndalama ikakhala kwa munthu imabereka."

Ndinayesa kufotokoza kuti lamulo lija linali la ndalama zosungitsa, osati za ngongole. Anati ndalama ndi ndalama. Ndiye ngongole yanga ikubereka limodzi pa 10 alionse Loweruka lililonse, ndipo ana a ngongoleyo nawonso akubereka. Sabata yoyamba 40 inakhala 44. Yachiwiri inayenera kukhala 48 ndi kachidutswa, koma iye akuti khobidi silidulidwa, ndiye analemba 49. Pano tili pa 54. Pali kalamulo kamene anthu a zachuma amagwiritsa ntchito: ukagawa 72 ndi chiwongoladzanja, umapeza nthawi imene ndalama idzawirikize kawiri. Pa 10 peresenti ndi milungu 7 ndi kanthu. Kwa iye, ndi kukweza kwake kuja, sabata ya 7 ndidzakhala pa 81. Ndipo musaiwale kuti ndine ndemwe banki, ndiye Loweruka lomwelo ndimalipiranso chiwongoladzanja cha makobidi amene sindinawakhudze. Ndimalipira ngati wosunga, ndimalipira ngati wobwereka. Wina anandifunsa kuti bwanji osangobweza zonse kamodzi. Amwene, ndi ndalama yapepala akukana, akuti mu banki yake mumalowa makobidi okha. Makobidi ndiwatenga kuti, poti onse a m'nyumba muno amathera kwa iye yemweyo?

Banki yatsopano ndi botolo loonekera m'kati, ndipo likukhala m'kabati ya mayi awo, yokiya. Mawashala aja kamnyamata kanakana kubweza. Kawasunga mu sokosi pansi pa pilo, kakuti n'za ulendo wa ku Japan. Chala chapola, kwangotsala kachipsera kozungulira ngati mphete. Amene ali ndi chenje andipeze Lachisanu lisanathe.