Zimene ndaphunzira popalasa njinga pang'onopang'ono m'gulu

Njinga imavuta kwambiri ikamayenda pang'onopang'ono. Anthu amayesa kuti maulendo ofatsa odutsa m'mapaki a mumzinda, aja amakonzera ongoyamba kumene, ndi kungosewera chabe. Koma tayesani kuyendetsa njinga pa liwiro la munthu woyenda pansi, makilomita 5 pa ola, muone mmene mahandulo amagwedezekera. Chiyambireni kupita nawo ku maulendo amenewa, zambiri zimene ndalemba m'kope langa zikutsamira pa mfundo imeneyi.

Chifukwa chake ndinachita kukawerenga. Njinga ikapendekekera kumanzere, tayala lakutsogolo limakhotera kumanzere komweko, ndipo matayala amabwereranso pansi pa thupi la wokwerayo. Zili ngati kuimika ndodo pachikhatho: ikayamba kugwera uku, dzanja limathamangira komweko. Pa liwiro labwino kukhota pang'ono chabe kumakwanira, koma liwiro likachepa umafunika kukhotetsa kwambiri ndiponso mwamsanga. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti kuzungulira kwa matayala ndiko kumaimiritsa njinga. Mu 2011 ofufuza a m'mayunivesite a Delft ku Netherlands ndi Cornell ku America, ena mwa iwo Arend Schwab ndi Andy Ruina, anafalitsa m'magazini ya Science zotsatira za kanjinga kamene anakapanga mwadala kuti mphamvu ya kuzungulirayo ithe. Atakakankha popanda wokwera, kanayendabe osagwa. Chimene ine ndinatolapo n'chakuti tayala lakutsogolo liyenera kukhala lomasuka. Ukawumitsa mikono ndi mantha, ukulimbana ndi chinthu chomwe chikufuna kukuthandiza.

N'chifukwa chake ndimasangalala ndikaona wotsogolera akutsitsira munthu wamantha chishalo mpaka mapazi onse awiri afike pansi, n'kumuuza kuti ayambe wakankha ndi miyendo osaganiza za mapedulo. Njinga yomwe Karl von Drais anayendetsa ku Mannheim, ku Germany, mu 1817 inalibe mapedulo n'komwe. Mapedulo anabwera m'zaka za m'ma 1860 ku France. Anthu anayamba adziwa kukhazikika pa matayala awiri, kupalasa kunadza pambuyo, ndipo wophunzira wa lero amapindula akatsata ndondomeko yomweyo. Akazolowera, chishalo chikwezedwe: ukaika chidendene pa pedulo ili pansi, mwendo uwongoke.

Paki imachotsa mantha a galimoto, amene amadya nzeru zonse za munthu watsopano. Mizinda ina inazindikira zimenezi kalekale. Ku Bogotá, likulu la Colombia, anayamba mu 1974 kutseka misewu ina kuti anthu apalase njinga, ndipo lero Lamlungu lililonse amatseka makilomita oposa 100. Ku New York galimoto za anthu wamba anaziletseratu mu Central Park mu 2018. Komabe m'paki si mopanda zopinga. Muli ana othamanga mosayang'ana, agalu a pachingwe, mizu yotukula njira, mchenga pokhota. Zonsezi zimakukakamiza kuchepetsa liwiro, ndipo pamenepo m'pamene phunziro lenileni limayambira. Woyenda pansi ndiye woyamba kupatsidwa mpata. Belu uimbe ukadali patali, osati utafika kale pamsana pake.

Za gulu ndiye zandiphunzitsa zochuluka. Wakutsogolo akangochepetsa liwiro pang'ono, wachiwiri amagwira mabuleki kuposa pamenepo, wachitatu kuposanso, mpaka wakumapeto amachita kuima dzidzidzi. Mankhwala ake ndi kusiya mpata wokwana njinga imodzi kapena ziwiri, ndi kuponya maso patsogolo pa mnzako m'malo moyang'anitsitsa tayala lake. Njinga imapita kumene maso ali. Ukayang'anitsitsa mtengo umene ukuuopa, umalunjika pomwepo. Ndipo tayala lako lakutsogolo lisamalowe m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzako. Akakhudzana, kawirikawiri wogwa ndi wam'mbuyo, pakuti tayala limene limamuimiritsa latsekerezedwa, silingathenso kukhotera kumene iye akugwera. Nditamva lamulo limeneli ndinangolisunga, koma nditaliphatikiza ndi zija za ofufuza ndinalimvetsa mpaka mumtima.

Mabuleki nawo ali ndi nkhani yake. Ongoyamba ambiri amaopa yakutsogolo poganiza kuti iwaponya pamwamba pa mahandulo, choncho amadalira yakumbuyo yokha. Koma ukamaima, kulemera kwa thupi kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kukhwekhwereza. Mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili kutsogolo. Chofunika ndi kufinya onse awiri mwapang'onopang'ono, thupi ukulikankhira kumbuyo. Magiya usinthe usanafike pachitunda ndiponso usanaime, mapedulo akadazungulira. Musananyamuke, onani mpweya m'matayala (mlingo wake amaulemba m'mbali mwa tayala), mabuleki ndi tcheni.

Zizindikiro za manja n'zabwino, koma munthu amene sanazolowere kugwira handulo ndi dzanja limodzi asakakamizidwe. Pakamwa pamakwanira: "Ndikuima!" "Dzenje kumanja!" Wam'mbuyo abwereze mawuwo kuti afike mpaka kumapeto kwa mzere. Kulankhulako kumayezanso liwiro. Ngati ungathe kucheza ndi mnzako osachita wefuwefu, ndiye kuti mukuyenda bwino, ndipo kupalasa kotereku kumawerengedwa pa mphindi 150 pa sabata zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa akuluakulu kuti azigwiritsa ntchito thupi.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikachiona. Gulu limaima kudikira wotsalira, iye n'kufika thukuta lili kamukamu, ndipo pomwepo wotsogolera n'kunena kuti tiyeni. Amphamvu apuma mokwanira, wofookayo sanapume ngakhale pang'ono. Munthu wotere sabweranso ulendo wotsatira, ndipo amapita akukhulupirira kuti njinga si yake. Kupuma kuziyamba kuwerengedwa pamene womaliza wafika. Ine ndimaona kuti munthu wofunika kwambiri pa ulendo wonse ndi uja amayikidwa kumapeto kwa mzere kuti wina asatsale yekha. Iye ndiye amaona amene chishalo chamutsikira, amene akuopa mtsetse, amene akupalasa giya yolemera mosadziwa. Ntchito imeneyi ipatsidwe kwa wodziwa njinga kwambiri ndi woleza mtima, pakuti amapalasa pa liwiro lovutitsitsa lija kuyambira ponyamuka mpaka pofika.

Panopa ndikuphunzira kucheukira kumbuyo njinga osakhota. Mutu ukatembenuka, phewa limatsatira, dzanja n'kukoka handulo. Ndikuyeserera pa njira yowongoka yopanda anthu: chigongono ndimachimasula, chibwano ndimachitsitsira paphewa, ndipo mnzanga amene ali m'mbuyo amaimika zala kuti ndimuuze kuti ndi zingati.