Mfundo ya Locke m'khoti la ku Great Barrington

Phunziro la mbiri ya ndale latifikitsa pa chikalata chomwe madera 13 a ku America analengezera ufulu wawo pa 4 Julaye 1776. Chinalembedwa ngati mlandu: poyamba mfundo, kenako mndandanda wa zolakwa za Mfumu George III, pomaliza chigamulo choti ubale ndi Britain watha.

Mfundoyo gwero lake lalikulu ndi John Locke, woganiza mozama wa ku England, m'buku lake la 1689 lotchedwa Two Treatises of Government. Iye ankati munthu amabadwa nawo kale ufulu wa moyo, wodzilamulira ndiponso wokhala ndi chuma chake, boma lisanakhaleko n'komwe. Boma ndi mlonda amene anthu agwirizana kumulemba ntchito. Akayamba kuba yekha, eni nyumba angathe kumuchotsa. N'chifukwa chake Thomas Jefferson, amene analemba chikalata chija, anatalikitsa madandaulo aja, ankafuna kusonyeza kuti mfumuyo yaphwanya pangano. Ngakhale gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lathu lino la Malawi limanenanso kuti mphamvu za boma zimachokera kwa anthu, olamulira amangosungitsidwa.

Koma pali pomwe pandivuta kumeza. Jefferson, amene analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, pa moyo wake anakhala ndi akapolo oposa 600. Nayenso Locke anaikapo ndalama mu Royal African Company, kampani yogulitsa anthu ochokera ku Africa. Ena amati nthawiyo zinali choncho basi. Ine sindikuona chifukwa chowasambitsira, popeza akapolowo ankamva bwino lomwe zimene mawuwo akunena.

Taonani mayi wina wa ku Sheffield, m'dera la Massachusetts, yemwe anali kapolo ndipo ankatchedwa Bett. Malamulo a deralo a 1780 ankati anthu onse amabadwa aufulu ndi ofanana. Mayiyu sankatha kuwerenga, koma anapita kwa loya Theodore Sedgwick, ndipo mu 1781 khoti la ku Great Barrington linamumasula pamodzi ndi bambo wina dzina lake Brom, n'kulamula mbuye wawo kulipira mashilingi 30. Atamasulidwa anadzitcha Elizabeth Freeman. Kwa ine, wophunzira weniweni wa Locke ndi ameneyu, kuposa akuluakulu amene anasaina chikalata ku Philadelphia.

Pa kalembera wa 1790, ku Massachusetts sikunalembedwe kapolo ndi mmodzi yemwe. Akapolo a ku Virginia, kwawo kwa Jefferson, anadikira mpaka 1865.