Tsiku lomwe gulu lathu la magalimoto akale linacheza ku minda ya mphesa ya Franschhoek

Loweruka lapitali tinasonkhana m'mamawa pamalo ena omwetsera mafuta m'mbali mwa msewu wa N1, kunja kwa mzinda wa Cape Town, tili ndi magalimoto 14 omwe wamng'ono mwa onse anali ndi zaka zoposa 30. Ine ndinabwera ndi mayi akunyumba pa Volkswagen Beetle yanga ya 1974, imodzi mwa zomwe zinkapangidwa pa fakitale ya ku Uitenhage mpaka mu 1979. Tisananyamuke, wapampando wa gulu lathu anabwereza malamulo awiri omwe timayendera nthawi zonse: palibe galimoto yosiyidwa m'mbuyo, ndipo aliyense amene wasunga makiyi sameza vinyo ngakhale dontho limodzi.

Tinadzera ku Stellenbosch, tawuni yomwe Simon van der Stel, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape, anaikhazikitsa mu 1679, kenako tinayamba kukwera chitunda cha Helshoogte pa msewu wa R310. Tili pakati pa chitundacho, nyali yofiira inayaka patsogolo panga, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo kuti lamba wozunguza fani waduka. Injini ya Beetle imazizira ndi mphepo osati ndi madzi, choncho lambayo akaduka dalaivala amayenera kuima pomwepo injini isanapse. Ndinapatukira m'mbali, ndipo ndisanatsegule n'komwe chitseko cha injini kumbuyo, magalimoto onse anali ataima m'ndandanda. Bambo wina wachikulire, yemwe amayendetsa Mercedes-Benz yakale, anatulutsa zipanera zake n'kugwada pafumbi pambali panga, mnzathu wina anapereka lamba watsopano yemwe amayenda naye, ndipo pasanathe mphindi 20 injini inaliranso. Palibe amene anayang'ana wotchi, ndipo zimenezi zinandikhudza mtima kwambiri.

Titatsika chitundacho tinadutsa m'mudzi wa Pniel, womwe unayamba mu 1843 ngati malo a mishoni okhalamo anthu omwe anali atangomasulidwa ku ukapolo. Ndimachepetsa liwiro ndikamadutsa pamenepa, chifukwa minda yokongola ya chigwachi inalimidwa ndi manja a makolo a anthu amenewa, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake antchito a m'mafamu ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro awo, mchitidwe womwe unkatchedwa dop. Lamulo linaletsa mchitidwewu mu 1960, koma mabala ake akuonekabe m'mabanja ambiri a kuderali.

Tinaima koyamba pa famu ya L'Ormarins, pomwe pali Franschhoek Motor Museum, malo osungira magalimoto akale omwe anatsegulidwa mu 2007. Magalimotowo amaonetsedwa m'nyumba zinayi zikuluzikulu, ndipo kwa anthu ngati ife, omwe timathera Loweruka lathunthu tikusakasaka kachitsulo kamodzi, kuona makina a zaka pafupifupi 100 akuwala chonchija n'chinthu cholimbitsa mtima.

Cha kumasana tinafika pa famu yaing'ono ya vinyo yomwe inatikonzera chakudya pansi pa mitengo. Popeza ino ndi nyengo yokolola, yomwe kuno imayamba chakumapeto kwa Januwale n'kufika mu Epulo, tinapeza mathirakitala akututa mabokosi a mphesa, ndipo fungo la madzi a mphesa omwe ayamba kuwira linali ponseponse. Mayi yemwe amapanga vinyo pafamupo anatilowetsa m'chipinda chozizira chodzaza ndi migolo ya matabwa, n'kutifotokozera kuti vinyo wofiira amatenga mtundu wake ku makoko a mphesa, omwe amasiyidwa m'madziwo pamene yisiti ikusandutsa shuga kukhala mowa. Anatikumbutsanso kuti vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, kuti dzina la Franschhoek linachokera kwa Akhristu a ku France otchedwa Huguenot omwe anafika mu 1688 pothawa chizunzo, komanso kuti mphesa za Pinotage zinabadwira ku Stellenbosch mu 1925, pamene katswiri wa mphesa Abraham Perold anakwatitsa mitundu ya mphesa ya Pinot noir ndi Cinsaut.

Nthawi yolawa itakwana, okwera nawo analandira matambula awo, ndipo ife madalaivala anatipatsa madzi a mphesa osawira. Anzathu awiri anasankha kulawa n'kulavulira m'kachitini komwe amaika patebulo, monga amachitira akatswiri a vinyo, koma ine sindinafune ngakhale zimenezo. Lamulo la South Africa limalola mowa wosafika magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, koma maganizo anga ndi akuti muyeso umenewu si woti munthu woyendetsa galimoto ya zaka 50, yopanda mabuleki amakono, m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri, aziudalira. Mnyamata yemwe ankatiperekera zakudya atamva tikulankhula Chichewa anamwetulira n'kunena kuti, "Achimwene, inu gwirani chiwongolero, alamu atilawire." Anali wa kwathu ku Malawi, ndipo tinacheza naye pang'ono za kumudzi asanabwerere ku ntchito yake.

Mayi akunyumba anakonda kwambiri vinyo woyera wa Chenin blanc, choncho tinagula mabotolo awiri n'kuwakulunga m'chitenje m'buti ya kutsogolo. Pobwerera tinatsata msewu wa R45 mpaka kukalowanso mu N1, bambo wa Mercedes-Benz uja akundilondola pambuyo ulendo wonse kuti aone ngati lamba watsopanoyo wagwira bwino. Pofika 7 koloko madzulo, madalaivala onse 14 anali atalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti afika kunyumba, ndipo botolo loyamba tinalitsegula Lamulungu masana, galimoto ili m'garaja.