Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Fomu ya maola

Ndabweranso. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka inu mayi amene munati munawerenga muli pa ntchito ya usiku mpaka misozi kulengeza. Uthenga wanu ndinauwerenga kawiri. Ambiri mwafunsa funso limodzi: ngati ntchito ija ndinkaikonda choncho, ndinachokako bwanji? Ndazengereza milungu itatu, koma lero ndiyankha.

Paja tinalekezera pamene ndinalembedwa ntchito ku bungwe lija lophunzitsa anthu za ufulu wawo ndi kukakamiza aphungu kusintha malamulo. Dzina lake sindinatchule ndipo sinditchula. Zaka ziwiri zoyambirira sindinaziwerenge n'komwe. Misonkhano, zikalata za madandaulo, atolankhani, maulendo, basi zaka n'kutha.

Chimene sindinakuuzeni ndi chakuti zaka zonsezo sindinakhalepo ndi kontirakiti yopitirira miyezi 6. Malipiro athu ankachokera ku mapulojekiti. Opereka thandizo akavomera pulojekiti, dzina lako linkalowa mu bajeti. Pulojekiti ikatha, nawe watha, pokhapokha ina ibwere. Ine ndinali wogawidwa patatu, theka la malipiro kuchokera kwa opereka thandizo awa, lotsalalo kwa ena awiri. Mmodzi akachedwa kutumiza ndalama chifukwa lipoti silinawakhutiritse, mwezi umenewo unkalandira zoperewera, n'kumauzidwa kuti tipirire, zibwera.

Ndiye panali fomu ya maola. Kumapeto kwa mwezi uliwonse Achemwali a ku akaunti aja ankatigawira pepala la timabokosi, tsiku lililonse bokosi lake, ndipo m'bokosi lililonse umayenera kulemba 8. Loweruka ndi Lamlungu anali odetsedwa kale ndi inki yotuwa kuti usalembemo kanthu. Mwezi wanga woyamba ndinalemba zoona: 12, 13, 11, ndipo pa Loweruka lodetsedwalo ndinalembapo 9 ndi bolopeni. Achemwali anandiitana, n'kutseka chitseko. Anati, "Mng'ono wanga, fomu iyi si yonenera zoona. Opereka thandizo amalipira maola 8. Ukalemba 13, ofufuza mabuku adzafunsa kuti enawo walipira ndani, ndipo pulojekiti yonse idzaima." Anandipatsa pepala latsopano. Ndinalemba ma 8 anga mwaukhondo, n'kusaina. Ndinasaina choncho miyezi yoposa 40.

Achemwali aja sindiwaimba mlandu, ndipo amene munawanyoza mu ndemanga za gawo 7 munawalakwira. Iwonso ankatuluka mu ofesi mdima utagwa, iwonso ankalemba 8.

Chimene chinkandidya mumtima n'chakuti ntchito yanga inali yolemba timapepala tophunzitsira anthu. Kamodzi kanali ka ufulu wa ogwira ntchito, ndipo ndinakalemba ndekha, mawu ndi mawu. Ndinalembamo kuti mu 1919, bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, litangokhazikitsidwa, pangano lake loyamba lenileni linali la maola: 8 pa tsiku, 48 pa mlungu, m'mafakitale. Ndinalembamo za ndime 24 ya chikalata cha ufulu wa anthu onse cha 1948, yonena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopuma, woti maola ake a ntchito akhale ndi malire, ndi wopita kutchuthi akulandira malipiro. Ndinalembamonso ndime 23, ya ufulu woyambitsa kapena kulowa bungwe la ogwira ntchito. Kapepala kameneko ndinakamaliza cha m'ma 11 koloko usiku, Lamlungu, tsiku lodetsedwa pa fomu. Tinasindikiza tambirimbiri, ndipo ndinkaimirira pamaso pa alonda ndi antchito a m'nyumba kuwauza kuti asamaope abwana awo.

Ukadandaula, yankho linali limodzi: "Ino si kampani, kuno timadzipereka." Mawu amenewa ndi ovuta kuwatsutsa chifukwa muli choonadi. Palibe mwa ife amene anabwera kudzalemera. Tinkakhulupiriradi zimene tinkachita, ndipo lamulo lina limene tinalimenyera litadutsa ndinalira ndi chimwemwe. Koma chikhulupiriro chathucho ndicho chinasanduka chingwe chotimangira. Wopempha tchuthi ankaoneka ngati wafooka pa nkhondo.

Tsopano ndifike pa usiku uja. Kunali kutatsala masiku ochepa kuti kuchitike chisankho, ndipo tinkakonza lipoti loti liperekedwe kwa atolankhani m'mawa mwake. Foni inalira cha m'ma 7 koloko. Anali amayi. Anati, "Mwanawe, mwanayu thupi latentha kwambiri, bwera." Ndinati ndikubwera, ndingomaliza tsamba limodzi. Anaimbanso 9 koloko. Ndinapita kwa Abwana, ndinaima pakhomo la ofesi yawo chikwama chili kale paphewa. Sanakweze mawu, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anangovula magalasi n'kunena kuti, "Mayi, lipotili mukulidziwa ndinu nokha. Agogo ake alipo, si choncho? Dziko lonse likudikira ife mawa." Ndinavula chikwama. Ndinabwerera pa mpando. Ndimakumbukira kulira kwa pulinta, ndi foni imene ndinaitembenuza chafufumimba pa desiki kuti ndisaone ikawala.

Itakwana 1 koloko ndinaitembenuza. Mafoni 14 osayankhidwa. Mwana anali atakomoka, ndipo aneba ndi amene anathamanga naye kuchipatala. Amalume, dalaivala wathu uja, anali akugona m'galimoto panja kudikira kuti atitule. Sanafunse chilolezo kwa aliyense, anangoti, "Kwerani, mayi." Njira yonse sanalankhule. Nditalowa m'wodi ndinapeza mwana ali pa diripi, kadzanja kake katamangidwa pa kathabwa, amayi atakhala pansi pambali pa bedi. Sanandikalipire. Anandiyang'ana, n'kusendera kuti ndikhale. Mpaka lero nkhani ya usiku umenewo sitinaikambepo ndi amayi.

Mwana anachira, mukumudziwa, ndi yemwe uja ndinakuuzani kuti tsopano wandipitirira msinkhu. Pa fomu ya mwezi umenewo, tsiku limenelo, ndinalembapo 8.

Patapita miyezi iwiri tinalemba kalata. Tinalipo anthu 7. Sitinapemphe kukwezedwa malipiro. Tinapempha zinthu zitatu: kuti wogwira ntchito Loweruka kapena usiku azipatsidwa tsiku lopuma m'malo mwake, kuti amene wakwanitsa zaka ziwiri apatsidwe kontirakiti yotalikirapo, ndi kuti tikhale ndi komiti yathu yoyankhula ndi a bodi. Ndinaikamo ndime yokumbutsa kuti pangano la ILO la nambala 158, la mu 1982, limachenjeza za kugwiritsa ntchito makontirakiti afupiafupi pofuna kuzemba chitetezo chimene wantchito amayenera kukhala nacho pochotsedwa. Ndinkaganiza kuti anthu odziwa malamulo akaona lamulo amva. Amalume anasaina woyamba, ngakhale kuti iwo ndi amene anali ndi zambiri zotaya.

Mmodzi mwa 7 aja anapita yekha kwa Abwana kalata isanafike, n'kukanena kuti ine ndi amene ndikusokoneza anthu. Ndikudziwa kuti umawerenga, mnzanga, chifukwa unandilembera mwamseri gawo 5 litatuluka. Unali ndi ana ako oti uwadyetse, ndipo mantha ako ndimawamvetsa. Chimene chinandipweteka n'chakuti madzulo a tsiku lomwelo unakhala nane pa desiki kundithandiza kukonza kalata imene unali utaigulitsa kale.

Palibe amene anachotsedwa ntchito. Sizimatero. Kontirakiti yanga inangofika tsiku lake, ndipo ndinalandira kalata ya mizere inayi yondithokoza, yonena kuti ndalama za udindo wanga sizinapezeke. Ya Amalume inatha mwezi wotsatira. Udindo wanga unalengezedwanso patapita milungu 6, utasinthidwa dzina.

Bambo amene munalemba kuti nkhani zoterezi zimapereka zida kwa adani a ufulu ndipo ndikanangokhala chete, ndakumvani, ndipo mantha amenewo ndi amene ananditseka pakamwa zaka zonsezi. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ntchito ya mabungwe amenewa ndimaikhulupirira mpaka lero, ndipo ndikakumana ndi achinyamata onyamula zikalata za madandaulo ndimasaina. Achinyamata amenewo ndi amene ndikuwalembera. Mu 2019 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linavomereza kuti kutoperatu ndi ntchito ndi vuto lenileni lochokera ku malo a ntchito. Ine ndinali nditaziona kale ndi maso: anzanga atatu aluso anasiya, osati chifukwa chotopa ndi andale, koma chifukwa cha ofesi yawo yomwe.

Tsiku lomaliza ndinabweza laputopu, makiyi ndi chitupa. Achemwali anandipatsa fomu ya maola ya mwezi womaliza, maso ali pansi. Mwezi umenewo ndinali ndikuweruka 5 koloko yeniyeni, ndiye kwa nthawi yoyamba ma 8 onse anali oona. Potuluka ndinadutsa pa katoni ya timapepala tija pafupi ndi chitseko, n'kutengapo kamodzi. Ndikadali nako m'chikwama cha masatifiketi.

Za miyezi 11 imene ndinakhala pakhomo, ndi m'mene Amalume anandipezera ntchito iwo eni ake alibe, ndidzakamba gawo likubwerali.