Zitsanzo za khodi ndizo zinatisankhira kalembedwe

Pa maphunziro athu a kulemba mapulogalamu kuno ku Lusaka, gulu lathu linapatsidwa ntchito yolemba malangizo a kapulogalamu ka Python kowerengera ndalama zodulidwa potumiza mobile money, ndipo tinayenera kusankha pakati pa njira zitatu zolembera malangizo pogwiritsa ntchito zizindikiro zoonetsa mitu ndi khodi: Markdown, reStructuredText ndi AsciiDoc.

Ambiri tinkafuna Markdown, yomwe John Gruber anatulutsa mu 2004, chifukwa munthu amaiphunzira tsiku limodzi ndipo GitHub, webusaiti yosungirapo khodi, imaionetsa bwino popanda kukonza chilichonse. Poyamba khodi inkalembedwa poilowetsa mkati ndi mipata inayi. Njira ya ma backtick (chizindikiro cha `) atatu otsatiridwa ndi dzina la chilankhulo inabwera pambuyo, ndipo kusiyana kwa mapulogalamu owerenga Markdown ndiko kunabweretsa CommonMark, malamulo amodzi a kalembedwe ka Markdown, mu 2014.

Koma vuto lenileni si maonekedwe. Mu Markdown chitsanzo chimakoperedwa kuchokera mu fayilo ya khodi n'kumatidwa m'malangizo, choncho wina akasintha dzina la function kuchoka pa `werengera` kukhala `werengera_malipiro`, malangizo amakhalabe ndi dzina lakale, ndipo wophunzira watsopano amene wawononga bandulo yake kutsitsa pulogalamuyo amangolandira NameError, uthenga wa Python wonena kuti dzinalo silikupezeka, osadziwa kuti cholakwika chili kuti. Sphinx, pulogalamu yomangira malangizo imene Georg Brandl anayambitsa mu 2008 ndipo imagwiritsa ntchito reStructuredText, ili ndi lamulo la `literalinclude` lomwe limatenga khodi mu fayilo yeniyeni nthawi iliyonse malangizo akamamangidwa, ndipo ukawonjezera `:pyobject:` limatenga function imodzi yokhayo imene watchula. Palinso `doctest`, yomwe imayendetsa zitsanzozo n'kukuuza chimene chasiya kugwira ntchito. Mpake kuti malangizo a Linux kernel anasamukira ku Sphinx mu 2016.

Zovuta zake zilipo ndithu: reStructuredText siimvera chisoni pa mipata, ndipo mzere wa zizindikiro za `=` pansi pa mutu ukafupika kuposa mutuwo, Sphinx imadandaula. AsciiDoc, imene malangizo a Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za khodi) analembedweramo, nayonso ili ndi `include::` komanso manambala onga `<1>` ofotokozera mzere uliwonse wa khodi, zomwe ine ndinazikonda kwambiri, koma zida zake sizinali pafupi ndi Python ngati Sphinx.

Tinagwirizana kuti README, fayilo yoyamba yofotokoza pulogalamu mwachidule, ikhale mu Markdown, pomwe malangizo onse okhala ndi zitsanzo za khodi alembedwe mu reStructuredText, ndipo aliyense aziyendetsa `make doctest` asanatumize zosintha zake.