Chitedze cha ku Mphangwe

Mwambo wa Kulamba utatha ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, mayi a kunyumba anati tisathamangire kubwerera ku Chipata, titsaleko kwawo ku Katete kuti ana acheze ndi agogo awo. Mlamu wanga ndiye anabwera ndi nzeru yokakwera phiri la Mphangwe. "Alamu, mimbayi yakula ndi mpando wa mu ofesi, tiyeni tikaiphwetse." Ndinavala malaya oyera ndi nsapato za salaula zimene ndinagula pamsika wa Kapata, nazonso zoyera mbee, ulendo.

Phiri tinalipeza lili lupsa lokhalokha. Anyamata osaka mbewa anali atatentha, ndipo mauna okumbidwa anali paliponse. Moto wa Ogasiti ndi wina, sufanana ndi wa Meyi kapena Juni umene a zankhalango amalimbikitsa udzu ukadali ndi chinyezi. Uwu umapeza udzu utauma gwa, mphepo ikuukankha kumbuyo, ndiye umanyambita mpaka nthambi. Pansi ponse panali bii. Ukaponda, phulusa fuu, ziputu za udzu zikukulasa mu akakolo. Tisanafike ndi pakati pomwe, nsapato zanga zinali zitasintha mtundu.

Koma tchire lathuli ndi louma mutu. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho, chikhalirecho msipu unali utabowola kale phulusa. Mitengo ya mombo, makungwa ali akuda ndi mwaye, kumwamba inali itavala masamba atsopano, ena ofiira psuu, ena ofiirira, onyezimira dzuwa likawomba. Misuku ina inali ndi timasuku tolimba todikira Novembala. Ngakhale zitsa zimene owotcha malasha anasiya zinali zitatulutsa mphukira zofika m'mawondo. Mlamu anamenya chitsa china ndi ndodo. "Moyo wa mtengowu uli ku mizu, alamu. Moto umangometa."

Ndikanamvetsera zambiri, koma thobwa la dzulo lake linayamba kuyankhula m'mimba. Apa ndi pamene lupsa limaipira. M'tchire la udzu munthu umangopatuka pang'ono, nkhani yatha. Palupsa ukanjuta, wa kutsidya kwa phiri akhoza kukupatsa moni. Ndinamwaza maso, ndipo kumunsi ndinaona khwawa lobiriwira kumene moto sunafike. Ndinaliyatsa liwiro. Mlamu anakuwa kena kake kumbuyoku, koma mphepo inatenga mawuwo, komanso nthawi yomvera malangizo inalibe malo.

Potsetsereka ndinagwira chilambe kuti ndisagwe. Chinagwedezeka chonse, ndipo kafumbi kofiirira kanandithothokera m'khosi. Nditakhala pansi ndinaona tinyemba taubweya tikulendewera pamwamba pa mutu wanga, tokongola ndithu. Ine wokulira m'tauni, chitedze ndinkangochimva m'mwambi.

Kunayamba pakhosi. Kenako msana, m'khwapa, mpaka malo amene ndinali nditangowavundukula kumene. Ndinatuluka m'khwawamo lamba ali m'manja.

"Musakande, alamu! Vulani zonse, ubweyawo uli m'zovala! Dzitikiteni ndi phulusa!"

Ndikhulupirira kuti theka la malangizowo linali mankhwala, theka linalo linali chipongwe cha mlamu, chifukwa ankayankhula misozi ya phwete ikutsika. Koma wopsa sasankha madzi. Malaya uko, buluku uko, ndinatsala ndi kabudula wamkati. Ndinatapa phulusa ndi manja awiri, kudzola nkhope, chifuwa, miyendo. Msana ndinakaukhula pa mtengo wopsa. Kuyabwa kutakula ndinayamba kudumphadumpha, kupalasa fumbi ndi mapazi, uku ndikulira ndi mawu amene sindinadziwe kuti ndili nawo.

Nthawi yomweyo amayi otola nkhuni anatulukira pa kanjira. Lupsa limawakomera chifukwa nkhuni zimaonekera patali. Ine ndinaonekeranso patali.

"Chilombo! Kang'wing'wi!"

Mitolo inagwa. Ana amene anali nawo anabalalika, wina nsapato kusiya. Amayi awiri anagwada n'kuyamba kuwomba m'manja, ndipo mmodzi anamasula mfundo ya chitenje n'kuponya K1 pafupi ndi mapazi anga. Tangoganizani, Mngoni wa kwa Mpezeni, wosagula njira, kudambwe sindinapondeko, ndikufupidwa sabata yomweyo imene magule enieni avina pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Mayi mmodzi yekha ndiye sanathawe, sanagwadenso. Anayang'anitsitsa kabudula uja, amene anamuona atayanikidwa pa chingwe kuseri kwa nyumba yake, kenako anatembenuka n'kupenya kuphiri. Anali apongozi anga, amene chikwatire tikakumana pa njira timapatukirana.

Sananene kanthu kwa ine. Anaitana kamdzukulu kamene kanabisala kuseri kwa chulu, nakapatsa chitenje chimene anapindira nkhata. "Kawapatse bambo a Chisomo, uwauze kuti kunja kukuzizira." Dzuwa linali lili paliwombo.

Ndinatsika Mphangwe nditamanga chitenje m'chifuwa, mlamu ali patsogolo atanyamula zovala zanga pa nsonga ya ndodo. Madzulo a mfumu anatumiza uthenga wofuna kudziwa kuti ndani watulutsa gule popanda chilolezo. Mlamu anakafotokoza, koma nkhuku inapitabe. Mayi woponya ndalama uja anatumanso mwana kudzaitenga K1 yake.